Khadi Lolozera Njira: Mbiri ya Kaundula wa Mabuku ndi Kumene Akupita

Chigawo chathachi aphunzitsi athu a mbiri adatipatsa ntchito yolemba za alembi oyamba a m'dziko muno, ndipo ine ndidasankha Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma uja amene adalemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa. Masana ena ndidalowa m'laibulale, ndi kukhala pa kompyuta yofufuzira mabuku, ndipo ndidalemba dzina lija monga momwe ndidalizolowerera kusekondale: NTHARA. Makina adayankha kuti palibe. Ndidalembanso kachiwiri pang'onopang'ono, poganiza kuti mwina chala chidaterereka, koma yankho lidali lomwelo. Ndidanyamuka mtima utawawa, ndikudzifunsa kuti sukulu yaukachenjede ingakhale bwanji yopanda buku la munthu wotchuka chotere.

Ndili pafupi kutuluka, amayi ena achikulire amene agwira ntchito m'laibulalemo zaka zambiri adandiimitsa.

"Mwatuluka msanga bwanji, mwana wanga? Mwachipeza chimene mumafuna?"

"Ayi, amayi. Akuti mabuku a Nthara mulibe muno."

Iwo adangomwetulira, nandiuza kuti ndiwatsate. Tidafika pangodya ina pamene pali kabati yathabwa ya timadilowa tambirimbiri, imene ambiri a ife timaidutsa osaiyang'ana n'komwe. Adasolola dilowa ya chilembo N, nayendetsa zala pa makhadi ofiirira ndi ukalamba, mpaka adaima pa khadi lina lotayipidwa ndi makina akale. Padali mau atatu okha: NTHARA, see NTARA.

"Khadi ili lilibe buku lake," adatero amayiwo. "Ntchito yake n'kukuuzani kuti mwagogoda pakhomo la mnansi, khomo lenileni ndi linalo. Pamene tinkasamutsira kaundula m'kompyuta tidakopera makhadi a mabuku, koma olozera njirawa ambiri adatsalira muno."

Nditabwerera pa kompyuta ndi kuchotsa chilembo chimodzi chokhacho, mabuku adaoneka, pamodzi ndi Man of Africa, dzina limene T. Cullen Young adapatsa Nthondo atamtanthauzira m'Chingerezi mu 1934. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine ndidatsala pang'ono kulidya. Koma chichokereni tsiku limenelo ndakhala ndikuganizira za khadi lija, ndipo ndafika pokhulupirira kuti mbiri yonse ya kaundula wa mabuku, amene ogwira ntchito m'laibulale amati katalogi, yagona pa ilo. Ndifuna ndiilondole mbiriyi mwachidule, kuti tione ngati ingatiuze kanthu za masiku akubwerawa, pamene ambiri akunena kuti makina adzatichitira zonse.

Tiyambire ku Alexandria, mzinda wa ku Igupto, m'zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe. Mafumu a banja la Ptolemy adasonkhanitsa kumeneko mipukutu yochuluka kotero kuti munthu mmodzi sakadatha kudziwa zonse zimene zidalimo. Mlakatuli wina, Callimachus, adalemba mndandanda wotchedwa Pinakes, umene udadzaza mipukutu 120. Adagawa alembi m'magulu, monga alakatuli, olemba mbiri, anzeru zakuya ndi asing'anga, ndipo m'gulu lililonse adawandandalika motsata zilembo. Pa dzina la mlembi ankalembapo pang'ono za moyo wake, kenaka ntchito zake, mau oyambirira a ntchito iliyonse ndi kuchuluka kwa mizere yake. Chifukwa cholembera mau oyambirira n'chakuti mipukutu yambiri idalibe mutu, ndiponso anthu awiri ankatha kukhala ndi dzina limodzi. Motero funso limene lidandivuta ine pa kompyuta, lakuti munthu uyu ndi yemwe uja kodi, lidamuvutanso Callimachus. Laibulale ya ku Alexandria idatha, Pinakes nayenso adatayika. Timamdziwa kudzera m'tizidutswa timene alembi ena adatchula.

Kwa zaka mazana ambiri pambuyo pake kaundula adali buku lomangidwa, ndipo vuto lake lidali lodziwikiratu: buku latsopano likabwera, malo olilemba pakati pa anzake sankapezeka. Ankalemba m'mphepete, kumata timapepala, kenaka kukopera kaundula yense mwatsopano. Njira yotulukira idapezeka ku France pa nthawi ya chipwirikiti. Boma loukira ufumu litalanda mabuku a m'nyumba za amonke, lidatumiza malangizo m'zigawo mu 1791 kuti buku lililonse lilembedwe pa khadi lakelake. Makhadi amene adasankha adali a juga, pakuti masiku amenewo kumbuyo kwake kudali koyera, adali ofanana kukula, ndipo ankapezeka paliponse. Khadi lili ndi ubwino umene tsamba la buku lilibe: ukhoza kulowetsa lina pakati popanda kusokoneza anzake. Kabati imene amayi aja adandionetsa ndi mdzukulu wa makhadi a juga amenewo.

Munthu amene adaika malamulo pa ntchitoyi ndi Antonio Panizzi, Mtaliyana wothawa kwawo pa zandale, yemwe adakhala woyang'anira mabuku osindikizidwa ku British Museum mu 1837. Malamulo ake 91 adasindikizidwa mu 1841. Anthu ophunzira a ku London, pakati pawo wolemba mbiri Thomas Carlyle, adadandaula kuti akuchedwetsa ntchito. Iwo ankafuna mndandanda wachidule, wotuluka msanga. Panizzi adakana. Iye ankati wowerenga safika pa kaundula akudziwa kale zonse: amadziwa dzina mwatheka, kapena dzina lobisalira la mlembi, kapena mutu wa buku m'chilankhulo china. Choncho kaundula ayenera kusonkhanitsa ntchito zonse za munthu mmodzi pansi pa dzina limodzi, ndi kuika zolozera pa maina ena onse. Mkangano udakula mpaka boma lidakhazikitsa bungwe lofufuza, limene lidagamula mokomera Panizzi. Khadi langa la Nthara lidabadwira mu mkangano umenewo.

Chaka cha 1876 chidabweretsa zinthu ziwiri ku America. Charles Cutter adasindikiza malamulo ake, m'mene adafotokoza zimene kaundula ayenera kuchita: kuthandiza munthu kupeza buku ngati akudziwa mlembi, mutu kapena nkhani yake, kuonetsa zimene laibulale ili nazo, ndi kumthandiza kusankha. Chaka chomwecho Melvil Dewey, mnyamata wa zaka 24 wa ku Amherst College, adatulutsa kabuku ka masamba 44 kogawa nzeru zonse za anthu m'magulu khumi, gulu lililonse n'kugawikanso pakhumi. Manambala amene timaona pamsana pa mabuku m'malaibulale ambiri adachokera m'kabuku kameneko.

Apa ndipo ndifuna tiimepo pang'ono, awerengi anzanga, chifukwa ndondomeko yogawira nzeru imasonyeza maso a mwini wake. Taonani gulu la zilankhulo monga liliri lero. Chingerezi chili ndi manambala khumi, kuyambira 420 mpaka 429. Chijeremani, Chifalansa, Chitaliyana, Chilatini ndi Chigiriki, chilichonse chili ndi khumi akeake. Zilankhulo za mu Africa, zoposa chikwi, pafupifupi zonse zapanikizana pa nambala imodzi, 496, ndipo kuti ufike pa chathu uyenera kudutsa kadontho ndi kuwerenga manambala ena angapo. Zolembedwa m'zilankhulozi zili pa 896 momwemonso. Mbiri ya Malawi ili pa 968.97, ya Zambia pa 968.94. Sindikuti Dewey adali ndi chiwembu pa ife. Iye adakonza mashelefu a mabuku amene ankawaona pa sukulu yake. Koma mpanda umene munthu amangira munda wake ukasanduka mpanda wa dziko lonse, ena amapezeka ali kuseri kwa nkhokwe.

Adalipo amene adaona zimenezi nachitapo kanthu. Dorothy Porter, amene adayamba kuyang'anira mabuku a za anthu akuda pa Howard University mu 1930, adapeza kuti malaibulale ambiri ankaika buku lililonse la munthu wakuda pa 325, nambala ya za utsamunda, kapena pa 326, ya za ukapolo, ngakhale litakhala buku la ndakatulo. Iye adawachotsa, naika mlakatuli pakati pa alakatuli, wolemba mbiri pakati pa olemba mbiri. Winanso ndi Sanford Berman, Mmerika amene adagwira ntchito mu laibulale ya University of Zambia ku Lusaka kuyambira 1968 mpaka 1970. Anzake a pantchito kumeneko adamuuza kuti umodzi mwa mitu imene kaundula wa ku America ankaikapo mabuku a za anthu akuda a kummwera kwa Africa udali mau achipongwe aja amene atsamunda ankatukwanira makolo athu kumigodi. Zimenezi zidamtsegula maso, ndipo mu 1971 adasindikiza buku lotchedwa Prejudices and Antipathies, londandalika mitu yonyoza anthu, yambiri mwa iyo idasinthidwa pambuyo pake. Phunziro ndi lakuti kaundula amakonzeka, koma amakonzeka pokhapokha mwini dzina atayankhula.

Tingafunse kuti mau olembedwa ku Washington adafika bwanji m'dilowa ya ku Lusaka. Yankho lili mu 1901, pamene Library of Congress idayamba kugulitsa makhadi ake osindikizidwa kale kwa malaibulale ena. Nzeru yake idali yabwino: buku limodzi lilongosoledwe kamodzi, ndipo onse akopere. Ntchito idapepuka, ndalama zidasungika. Koma cholakwa chimodzi chidayambanso kuyenda maulendo ataliatali, ndipo buku limene silidafike ku Washington lidakhala lopanda khadi mpaka wina kwawo atalilembera.

Kompyuta idangokulitsa zonse ziwirizi, ubwino ndi vuto lomwe. Henriette Avram, mayi amene sadaphunzire za laibulale koma za makina owerengera, adakonza njira yolembera zonse za pakhadi mwa mtundu woti kompyuta iwerenge. Njirayi, yotchedwa MARC, idayesedwa m'malaibulale 16 kuyambira mu 1966, ndipo idakhazikika mu 1968. Mbali iliyonse ya khadi idapatsidwa nambala: 100 ya mlembi, 245 ya mutu wa buku, 650 ya nkhani yake. Mu 1967 masukulu a ku Ohio adapanga bungwe la OCLC, ndipo mu 1971 adayamba kulemba kaundula mmodzi wogawana kudzera m'makina. Kaundula ameneyo ndiye WorldCat wa lero. Bungwe lomwelo lidapitiriza kusindikizira malaibulale makhadi mpaka pa 1 October 2015, pamene lidasindikiza omaliza, litatulutsa pafupifupi 1.9 biliyoni. Khadi lidayamba ndi juga, lidatha mwakachetechete patapita zaka 224.

Tsopano tibwere kwathu, pakuti vuto la dzina la Ntara ndi laling'ono poyerekeza ndi la dzina la chilankhulo chimene ndikulembachi. M'zaka za m'ma 1850 mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, ali pafupi ndi Mombasa, adakumana ndi Salimini, munthu wogwidwa ukapolo kuchokera chigawo chapakati cha dziko lino. Mau amene Salimini adamphunzitsa adasindikizidwa mu 1877 pa mutu wakuti Dictionary of the Kiniassa Language. Mu 1892 David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adatulutsa dikishonale yake yaikulu, naitcha ya chilankhulo cha Mang'anja. Alexander Hetherwick ataikonzanso mu 1929, buku lomwelo lidasanduka Dictionary of the Nyanja Language. Mu 1937 Mark Hanna Watkins adasindikiza A Grammar of Chichewa, atagwira ntchito ndi wophunzira wina wa ku Nyasaland amene adali ku Chicago, Kamuzu Banda. Mu 1968 dziko la Malawi lidagamula kuti dzina likhale Chichewa, pamene ku Zambia ndi ku Mozambique dzina la Chinyanja lidapitirira. M'kaundula wa makina, chizindikiro cha chilankhulochi ndi zilembo zitatu, nya. Ndiye kuti wophunzira amene alemba mau akuti Chichewa pa kompyuta, ngati palibe wina adamangiriza maina onsewa pamodzi, sadzamuona Rebmann, sadzamuona Scott, ndipo adzapita kukauza anzake kuti chilankhulo chathu chidayamba kulembedwa dzana.

Kodi tsogolo lili potani? Amene amayendetsa ntchitoyi akhala akusintha zida. Malamulo atsopano otchedwa RDA adatuluka mu 2010, ndipo Library of Congress idayamba kuwatsata mu 2013. Mu 2012 idayambitsanso BIBFRAME, njira imene akufuna kuti idzalowe m'malo mwa MARC. Ganizo lake lalikulu n'losavuta kulimva. M'malo molemba dzina la mlembi mobwerezabwereza pa buku lililonse, munthu aliyense, malo alionse ndi ntchito iliyonse zipatsidwa chizindikiro chimodzi chosasintha pa intaneti, ndipo maina onse amene munthuyo amadziwika nawo amangiriridwa ku chizindikirocho. Ntara, Nthara, Samuel Yosia, Samuel Josia, onse aloze kwa munthu mmodzi. Nkhokwe monga VIAF ndi Wikidata zimagwira ntchito motero. Ndikaziyang'ana bwino, ndimaona khadi lija la m'dilowa litavala zovala zatsopano.

Komanso kuyambira kumapeto kwa 2022 tonse tazolowera makina amene amayankha mafunso ngati munthu, ndipo anzanga ena kugonero amati kaundula watha ntchito: bwanji kuvutika ndi manambala a Dewey pamene ungafunse foni? Sindikana kuti makina otere adzathandiza. Akhoza kuwerenga tsamba loyamba la buku, kutolapo mlembi, mutu ndi chaka, ndi kupereka maganizo a nkhani yake mofulumira kuposa munthu. M'laibulale imene ili ndi mabokosi osatsegula ndi antchito ochepa, chimenechi si chaching'ono. Koma makinawa amaphunzira pa zimene zidalembedwa kale ndi kuikidwa pa intaneti. Kumene zolembedwa n'zambiri amayankha bwino. Kumene n'zochepa amatha kupeka mutu wa buku losakhalako, ndi kuunena mosaphethira. Mabuku athu ali mbali yachiwiriyi. Timabuku ta nyimbo tosindikizidwa pa mishoni, masewero a pawailesi, nkhani zofufuza za ophunzira, magazini opukusidwa pa makina ngati ino, zambiri sizidalowepo m'kaundula aliyense woonekera kunja. Chimene sichidalembedwe m'kaundula, makina sachidziwa, ndipo wowerenga wa mawa amene adzadalira makinawo adzakhulupirira kuti sichidakhaleko.

Tisaiwalenso kuti mabuku amapsa. Laibulale ya Mzuzu University idapsa mu December 2015, ndipo mu April 2021 moto udaononga Jagger Library ya University of Cape Town, m'mene mudali chuma chambiri cha maphunziro a za Africa. Moto ukazima, kaundula ndiye amauza anthu chimene chatayika ndi kumene angakapemphe chofanana nacho. Buku lopsa lili m'kaundula lili ngati munthu womwalira amene manda ake akudziwika. Losalembedwa lili ngati wosowa kutchire.

Mbiri imene ndalondolayi ikundionetsa chinthu chimodzi chobwerezabwereza. Chotengera chimasintha, kuchoka pa mpukutu kupita pa buku, pa khadi, pa kompyuta, ndipo nthawi iliyonse yosamuka katundu wina amatsala m'nyumba yakale. Amene amatsala kawirikawiri ndi uja wooneka wopanda pake, monga khadi lopanda buku, amene kwenikweni ndiye nzeru ya munthu wodziwa kuti maina awiriwa ndi a munthu mmodzi. Nzeru yoteroyo ili ndi ife eni ake. Wolemba kaundula wa ku Ohio sangadziwe kuti Phiri uyu si Phiri uja, kapena kuti mfunda ndi dzina la bambo ndi zinthu ziwiri, kapena kuti Fort Johnston ndi Mangochi ndi boma limodzi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. National Archives ku Zomba, imene idayamba mu 1947 ndipo lamulo limati ilandire kope la buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno, pamodzi ndi malaibulale a masukulu athu, ndiwo angathe kuuza dziko lonse maina athu molondola, ngati tiwapatsa anthu, nthawi ndi ulemu woyenera ntchitoyi.

Ndimalize ndi pempho kwa ife a m'bwalo lino la alembi. Sabata yatha ndidafunsa amayi aja ngati makope akale a magazini yathu alimo m'laibulale. Adanditulutsira bokosi. Ena alibe chaka, ena alibe nambala, ndipo ndakatulo zambiri zidasainidwa ndi zilembo ziwiri kapena dzina lobisalira limene palibenso akulikumbukira. Ndikupempha akonzi kuti kope lililonse likhale ndi mwezi, chaka ndi nambala pachikuto. Kuti makope awiri azipita kulaibulale tsiku lomwe yatuluka. Ndi kuti tisunge kabuku kolemba maina enieni a amene amalemba mobisa, kuti kadzatsegulidwe eni ake akadzalola. Ine ndadzipereka kuti Lachitatu lililonse masana ndizikhala pa dilowa zija ndi amayiwo, kukopera makhadi olozera njira m'kompyuta. Tayamba ndi chilembo N. Amene ali ndi ola lopuma abwere, zilembo zikadalipo 25.